Mvula ya m'munda mwanu muziyeza nokha

Bambo wina wa ku Bembeke wafunsa kuti: "Wailesi imalengeza kuti ku Dedza kugwa mvula, koma kwathu osadontha n'komwe. Kodi zida zoyezera nyengo si za kubwalo la ndege? Ife alimi tingazithe?"

Zoonadi bambo, kubwalo la ndege la Kamuzu ndi la Chileka a zanyengo amayeza mvula, kutentha, mphepo ndi mitambo, chifukwa woyendetsa ndege sanyamuka asanamve zimenezi. Koma wailesi ikati Dedza imaphatikiza inu a kumtunda ndi anzanu a ku Golomoti ndi Mtakataka, kumene kumatentha ndipo mvula yake ndi ina. Ya pamunda panu palibe angakuyezereni, ndipo chida chake muli nacho kale pakhomo.

Pezani chitini chowongoka m'mbali, chofanana kukamwa ndi kunsi, pansi pake posapindika. Ndowa ayi, chifukwa ndi yotambalala kukamwa, imakuonetsani madzi ambiri kuposa amene agwa. Chikhazikeni mowongoka pa njerwa, muchitchinjirize kuti mbuzi kapena mphepo isachigwetse, kukamwa kwake kukhale masentimita pafupifupi 30 kuchoka pansi. Chitalikirane ndi denga ndi mitengo: ngati mtengo ndi wotalika mamita 5, chitini chikhale mamita 10 kuchoka pamtengowo.

Muziwerenga 8 koloko m'mawa, tsiku ndi tsiku, dzuwa lisanamwe madziwo. Lula ya ana asukulu siyambira kunsonga kwenikweni, ndiye viikani kamtengo kouma, kenako muyeze ndi lula pamene panyowa. Lembani tsiku ndi mamilimita m'kope, khuthulani madziwo. Tsiku lopanda mvula lembani 0, musalidumphe, pakuti masiku oumawo ndiwo amapha mbewu.

Milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pamalo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi. Ine ndimalangiza kubzala chimanga mvula ikakwana mamilimita 25 kapena kuposa m'masiku atatu otsatizana, ndipo mukakumba pamzere mupeze chinyezi chalowa kuya ngati chikhatho chanu. Chimene chimandiwawa chaka ndi chaka ndi chizimalupsa. Igwa mvula ya mkokomo mu Okutobala, anthu athamanga ndi mbewu yogula ndi ndalama zovutikira, kenako dzuwa liswa mtengo, mbewu ija n'kupsera m'nthaka. Chitini chikanawauza kuti agwa ndi mamilimita ochepa chabe.

Mayi ena a ku Lobi akuti mankhwala akamapopera tomato amawabwerera kumaso. Mayi, kubwalo la ndege kumakhala kansalu konga thumba pamtengo, koonetsa kumene mphepo ikuchokera, poti ndege imanyamuka ndi kutera moyang'anana ndi mphepo. Inunso mangani kansalu kopepuka pansungwi m'dimbamo. Kakamalendewera kapena kugwedera pang'ono, poperani, mphepo ikhale kumbuyo kapena kumbali kwanu. Kakaima chopingasa, monga kachitira mwera ukalusa mu Juni ndi Julayi, siyani, mudzapopere mawa m'mamawa. Ndipo valani zodzitetezera.

Gulu la alimi a kachewere lafunsa ngati kugula choyezera kutentha n'kuwononga ndalama. Ayi, chimodzi chikwanira gulu lonse, bola chikhale pamthunzi popita mphepo, mita imodzi ndi theka kuchoka pansi, osati padzuwa kapena pansi pa malata. A zanyengo amachiika m'kabokosi koyera kokhala ndi mipata pa chifukwa chomwechi. Usiku wopanda mitambo komanso wopanda mphepo, m'mawa chikamaonetsa madigiri 5 kapena kutsika, dziwani kuti kudambo chisanu chingathe kuwaula mbewu, ndiye phimbani nazale ndi udzu madzulo. Masiku ozizira a chifunga ndi mvula yamawawa akatsatizana, yenderani kachewere tsiku lililonse, mutembenuze masamba kuona ngati matenda a chiwawu ayamba.