Tchalitchi cha mbee, koma munthu n'kuchita nthumanzi

Achimwene, mwafunsa kuti chithunzi cha mkati mwa tchalitchi mwaikachi chilibe mtanda, chilibe chifaniziro cha woyera aliyense, nanga bwanji mukachiyang'ana mumamva ngati mwalowa m'mapemphero. Chimenecho n'cha Pieter Saenredam wa ku Haarlem, m'dziko la Netherlands, amene anamwalira mu 1665. Tchalitchi cha St Bavo cha ku Haarlem komweko anachijambula kangapo.

Makomawo sanayere okha. Mu 1566 anthu anaswa mafano m'matchalitchi ambiri a m'dzikolo, ndipo Apulotesitanti otsatira Calvin atatenga nyumbazo anapaka laimu paliponse. Wojambula anangotsala ndi zipilala, denga ndi dzuwa lolowera pa mawindo. Ntchito imene ankagwira mafano inatsalira kuwalako.

Saenredam ankayamba wayeza nyumbayo ngati mmisiri womanga, n'kulemba papepala, nthawi zina utoto n'kudzapaka patapita zaka. Taonani anthu ali pansiwo, kuchepa ngati nyerere, pamene zipilala zikungokwera mpaka khosi kuwawa. Kuwala kwake sikuoneka kumene kwachokera, kwangofalikira ndee khoma lonse. Bata mukulimvalo likuchokera pamenepo.

Ine koma mtima wanga uli kwa Emanuel de Witte, amene anajambula matchalitchi otchedwa Oude Kerk, cha ku Delft ndi cha ku Amsterdam. Iye amasiya mbali yaikulu mu mdima, dzuwa n'kugwera pa chipilala chimodzi. Pansi mupeza manda otsegula, popeza kalelo ankaika maliro m'tchalitchi momwemo, ana akusewera, mwinanso galu atakweza mwendo pa chipilala! Kuwala kukugwera pa zonsezo osasankha, ndipo kwa ine umenewo ndi ulaliki wokwana.

Mukafuna kuona mmene zinalili mafano asanaswedwe, funani chithunzi cha Jan van Eyck chosonyeza Mariya ali m'tchalitchi, chimene chili ku Berlin. Mariya ndi wamtali pafupifupi kufika m'mawindo a m'mwamba, chifukwa iyeyo akuimira Mpingo. Akatswiri ena amati dzuwa la m'chithunzicho likuwala kuchokera kumpoto, mbali imene dzuwa la ku Ulaya siliwalira masana, kusonyeza kuti si la dziko lino.

Ife okulira mu Sinodi ya Nkhoma, imene inayamba ndi amishoni a Dutch Reformed ochokera ku South Africa ku Mvera mu 1889, makoma oterewa si achilendo. Lamulungu likubwerali lawirirani, mukhale pa benchi anthu asanadzaze, muone pamene dzuwa layamba kugwera.