Chitsekerero chokana kuchoka pa botolo

Mayi wina wa ku Chilomoni wanditumizira imelo. Akuti mlamu wawo anabwera ndi mabotolo a juwisi kuchokera ku Germany, koma chitsekerero chikumakanirira pakhosi pa botolo, kumawakanda mphuno akamamwa, ndipo pothira m'kapu juwisi akutayikira patebulo. Akufunsa ngati kufakitale analakwitsa.

Mayi, sanalakwitse ayi, anachita dala. Mu 2019 mayiko a mu European Union, bungwe la mayiko a ku Ulaya momwe mulinso Germany, anakhazikitsa lamulo lochepetsa mapulasitiki ogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya. Kuyambira pa 3 July 2024, botolo lapulasitiki la chakumwa losapitirira malita atatu likamagulitsidwa kumeneko, chitsekerero chake chiyenera kukhala cholumikizika. Chifukwa chake n'chakuti zitsekerero zinali m'gulu la zinyalala zopezeka kwambiri m'mphepete mwa nyanja zawo. Botolo munthu amatha kulitola, koma kachitsekerero kamalowa mumchenga, kamayandama, mbalame n'kumeza.

Kukwiya kwanu ndikukumvetsa, nanenso chinandithira madzi pamalaya tsiku loyamba. Chinsinsi chake n'chakuti mukatsegula muchikankhire kumbuyo kwenikweni. Zambiri zimamveka kuti tha! n'kukhazikika pomwepo. Kenako tembenuzani botolo kuti chikhale cham'mbali, osati pansi pomwe juwisi akutsikira. Musachidule mokoka, kamchira kotsalako n'kakuthwa, kangathe kucheka mlomo wa mwana.

Koma ine ndikuchiikira kumbuyo chitsekererochi, ndipo chifukwa changa si nyanja za ku Ulaya. Kuno botolo silifa likatha chakumwa. Pitani mumsika wa Limbe kapena wa Ndirande muone amayi a thobwa, ogulitsa mafuta ophikira oyeza, ndi ana otola mabotolo m'madepoti. Kwa iwowa botolo lopanda chitsekerero ndi chinyalala, palibe angaligule. Ndinaonapo mayi wina atakhuthulira pansalu thumba lonse la zitsekerero, akuyesa chimodzichimodzi kuti apeze chogwira bwino pa botolo lake, thobwa akuyembekeza mundowa. Chikanakhala cholumikizika, ntchito yonseyo sikanakhalapo.

Sindikunena kuti kamchira kameneka kangayeretse mtsinje wa Mudi. Imani pa mlatho mvula yoyamba ikagwa: chimene chimadutsa ndi botolo lathunthu, majumbo ndi matewera. Ngakhale lamulo lathu la 2015 loletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 (muyezo wa kukhuthala kwa pulasitiki) linatha zaka likukokedwakokedwa m'makhoti. Vuto lathu lalikulu ndi kusowa kotaya ndi wotola zinyalala.

Chimodzi chokha chondidetsa nkhawa, mayi, ngati mukufuna kusunga mabotolowo kuti muziikamo madzi kapena thobwa: pansi pa kamkombero kogwira chitsekerero pamabisala litsiro lomata. Viikani khosi la botolo m'madzi ofunda a sopo, osati owira chifukwa botolo lingapindike, mukweche ndi mswachi wakale, ndipo muliyanike lili chotsegula mpaka liume.