Za shedi ija asuweni

Eee asuweni mwaswera... dikirani nditseke chitseko ana akusokosa kuno. Ndaona zomwe mwalemba pagulupa, zoti mukufuna shedi ya lendi cha ku Kanengo kapena Area 25 yoti muziikamo galimoto yanu ya Dyna ija ndi matenti, mipando ndi jenereta, ndiye akuti alipo akudziwa malo? Hmm. Inu asuweni inu. Zaka zonsezi mukuzungulira mu Lilongwe muno ndi matenti a maukwati, lero musadziwe komwe kuli mashedi? Ine funso lenilenilo ndalimva, koma dikirani kaye.

Mukukumbuka za bambo anu aang'ono, amalume anga aja, ndi Bedford yawo? Inali 2014, ayi ndanama, 2015, chaka cha mvula yoopsa ya mu January ija. Anapeza shedi ku Biwi kuseri kwa magalaja kuja, ya mdala wina mnzawo wa bawo, anagwirizana pakamwa basi atagwira Chibuku m'manja, pepala olo limodzi. Analowetsamo Bedford, injini ya chigayo ija amati akaika kumudzi, ndi matumba a feteleza. Tsiku lokaona malo dzuwa linali phwee, amalume kuyang'ana kudenga akuona timabowo tikuwala ngati nyenyezi iwo nkumati mpweya uzilowa bwino, hahaha. Mvula itabwera madzi amachokera kumwamba ndi pansi pomwe chifukwa pansi panali dothi, feteleza yense anauma gwa ngati mwala, kumudzi anachita kumusinja mumtondo, amayi mpaka lero akaikumbuka amaseka misozi. Makoswe nawo anadya mawaya a Bedford. Ndiye ngati sizikukwana mdala uja anamwalira, ana ake kubwera ndi loko wawo watsopano akuti zonse zili mkatimu ndi za bambo athu. Amalume kuthamanga kunyumba kukatenga blue book, galimoto inatuluka inde, koma injini ya chigayo? Lisiti analibe. Nkhani inakafika kwa amfumu, miyezi kukokanakokana, ndipo mukudziwa mmene zinathera, tisazidzutse pano azakhali ali pagulu pomwe pano.

Ehe ndimati chani... eya. Inu mukufuna galaja ya kwa agogo ku 25 ija, mwangozungulira kuti wina ayambe ndiye kunena. Musakane, ndikukudziwani kuyambira muli ndi mamina. Chabwino ndanena ndine. Dyna bweretsani, ikagone kumpanda kuja, galimoto siifuna denga kwenikweni, imafuna mpanda ndi maso a anthu, batire muzichotsa usiku basi. Koma katundu ayi. Galaja ija imadontha pakona ya kumanzere, ndipo tenti ikanyowa nkupindidwa imachita nkhungu, mawanga akuda aja sachoka, ndani angabwereke tenti yotero pa ukwati wake? Komanso mukudziwa abale athu, mipando ikakhala pa agogo maliro aliwonse chinkhoswe chilichonse izituluka ulere, theka osabwerera.

Ndiye katunduyo mupezereni kachipinda ka lendi, kakang'ono, simukufunika chishedi chonse cholowa lole. Pansi pakhale pa simenti, muikepo mapaleti matenti asakhudze pansi, loko akhale wanu nokha. Mukapite kukaona tsiku loti mvula yagwa, November wayandikira kale uyu, osati dzuwa likuswa ngati amalume. Mufunse mlonda amamulipira ndani, ndipo zikabedwa mlandu ndi wa ndani, ambiri amangoti ife timabwereketsa malo basi. Eni malo amakonda kufuna miyezi itatu pamodzi, ndipo chigwereni kwacha mu November 2023 lendi amangokweza mmene afunira, ndiye mulembe kuti mtengo ukhala womwewo mpaka liti. Ku Kanengo nthawi ya fodya malo amavuta, yang'anani panopa msika utatsekedwa. Mulembenso zonse zomwe mwalowetsa, mipando ingati, nambala ya jenereta, musainirane pali mboni, mujambule pa foni.

Mwandimva? Galimoto kwa agogo, katundu ku lendi, ndi pepala. Jenereta muzikhetsa mafuta musanaitsekere... aaa foni ikutha moto iyi. Dyna yokha asuweni, ndikapeza mpando olo umodzi mugalaja muja ndikukhalira ndekha. Alamu apatseni moni.