Zitsulo zatsopano za pa mfuti zinandiphetsa galu ku dimba

Achimwene, mwafunsa ngati muike zitsulo zatsopano pa mfuti yanu, koma ndalama ya masikuluwu, ma pillar (timapaipi tolowamo masikuluwu mu mtengo wa mfuti) ndi chitsulo cha pansi pa mfuti yanuyo musanaitumize ku Joni, taimani kaye mumve zanga. Ndawerenga funso lanu mtima ukugunda, chifukwa nanenso ndinayamba choncho, mfuti yabwinobwino ili m'manja koma maso ali pa zonyezimira.

Yanga ndi Brno ZKK 600 ya zipolopolo za .30-06, yopangidwa ku Czechoslovakia dzikolo lisanagawike pawiri mu 1993. Anandisiyira malemu amalume, mapepala tinasinthitsa ku polisi, laisensi sindiphonya. Ine ndi mlimi wa kachewere kuno ku Tsangano, ndipo inu amene mumalima m'mphepete mwa phiri mukudziwa chimene nguluwe zimachita ndi mizere usiku umodzi wokha. Mfutiyi zaka zonsezo pa mamita 100 zipolopolo zitatu zinkagwera malo oti n'kuvundikira ndi kapu ya tiyi. Chovuta chinali mtengo wake basi. Mvula ikamagwa, kapena chiperoni chikatikuta masiku anayi osaona dzuwa, mtengo umafufuma. Kukafika Seputembala umauma n'kunyala, masikuluwu n'kukhwepa pang'ono, chipolopolo n'kusuntha zala ziwiri. Ndinkangomangitsa, kuombera katatu pa katoni, kusintha sikopu, galasi lolunjikira lija, nkhani yatha.

Ndiye mphwanga wa ku Johannesburg akuti malume, masiku ano anthu amaika timapaipi ta aluminiyamu m'mabowo a mtengo kuti sikuluwu izipana chitsulo osati mtengo, mvula kaya dzuwa mfuti siisuntha. Zimenezo sananame, ndi zoona. Anabwera nazo pa Khirisimasi, timapaipi tiwiri, masikuluwu akuda omangira ndi Allen key, tizitsulo tokolekapo lamba, ndi labala yonenepa ya kuthako. Ndinamubwezera ndalama ya matumba anayi a kachewere. Chimene tonse awiri sitinaone n'chakuti pa paketipo panalembedwa Remington 700. Masikuluwu a mfuti imeneyo mazinga ake ndi a mainchi, 1/4-28, pamene Brno ndi ya ku Ulaya, mazinga ake ndi a mamilimita. Ukayang'ana ndi maso n'zofanana, kota ya inchi ndi mamilimita 6.35, kusiyana kwake ngati tsitsi. Koma sizilowana.

Apa ndi pamene panalowa munthu uja. Dzina sinditchula, ena mumudziwa, amadzitama kuti anagwirapo ntchito ya mfuti kalekale ndipo palibe chitsulo chimene chingamukanike. Sikuluwu itakana, mmalo mondiuza kuti bambo izi si zake, bwezani, iye anati musadandaule madala, tidula mazinga atsopano. Anadula mazinga pa thupi la mfuti ya amalume anga! Ine ndili chiimire pomwepo, ndikugwedeza mutu ngati ndikumva. Timapaipi anatidula ndi sowo ya zitsulo mongoyerekeza, n'kutikhomera m'mabowo ndi nyundo popanda guluu wa epoxy ngakhale dontho. Tinali tatifupi, sitinkafika pa chitsulo, ndiye sikuluwu inkapanabe mtengo ngati kale. Izi ndinazidziwa mochedwa. Tsikulo unali mwezi wa Febuluwale, mtengo uli chifufumire ndi chinyezi, zonse zinakhala ngati zagwirana bwino, bolt, chitsulo chokankhira chipolopolo n'kutsekera kumbuyo kwake, ikuyenda myaa. Ndinamulipira, ndinamuguliranso chakumwa.

Kumapeto kwa Seputembala nguluwe zinayamba kulowa m'dimba la kachewere wothirira. Masiku atatu otsatizana, mizere khumi ndi iwiri yafukulidwa, mbatata zongolumidwa kamodzi n'kutayidwa. Madzulo ndinatulutsa mfuti, ndaigwira ndikumva kagwedegwede. Mtengo wauma. Ndinatenga Allen key n'kumangitsa sikuluwu ya kutsogolo, inazungulira pafupifupi kamodzi kathunthu isanalimbe. Sindinaganize kanthu. Sikuluwu ija inali yayitali kuposa yakale, ndipo bowo lake linkatulukira m'kati momwe dzino la bolt limazungulira potseka. Pomangitsa paja nsonga yake inatulukira m'katimo.

Mbandakucha ndinatsikira ku dimba ndi mnyamata wanga wa ganyu ndi galu wanga Chitedze. Kunkazizira, mame ali mbuu pa masamba. Polowetsa chipolopolo bolt inalimba potseka, ndinachita kuikankha ndi chikhatho. Pamenepo mpamene ndikanabwerera kunyumba. Koma ndinali nditamva kale kufwenthera kumunsi kwa ngalande, ndinati ndi kuzizira chabe, mafuta agwirana.

Kutayamba kuyera ndinaiona, yaimuna, yofiirira, chenjerere choyera pamsana, mutu uli pansi ikufukula. Mamita osapitirira 60. Ndinatsamiritsa mfuti pa mtengo wa mpanda, ndinalunjika kuseri kwa phewa monga ndimachitira nthawi zonse, n'kukhethemula. Chipolopolo chinakagwera kumbuyo, cha m'mimba. Inalira kulira kumene mpaka lero ndimakumva ndikagona, inazungulira kawiri, kenako inalunjika kwa ife. Ndikuti ndikweze bolt ndilowetse china, bolt yakana. Ndamenya ndi chikhatho, yakana. Ndamenya ndi chibakera mpaka khungu kusupuka, osasuntha ngakhale pang'ono. Zipolopolo zili m'munsimo, ndikuzidziwa kuti zilimo, koma m'manja mwanga muli chikuni basi. Mnyamata anataya chikwanje n'kukwera pa chulu akukuwa kuti bwana thawani. Ine miyendo inalowa m'matope a m'ngalande mpaka m'maondo, nsapato imodzi inatsala momwemo.

Chitedze ndiye anapita kukakumana nayo. Galu wamng'ono thupi, wa makutu ogwa, amene ndinamulera ndi phala kuyambira ali kamwana. Anaigwira khutu. Nguluwe inangopukusa mutu kamodzi, mano a m'munsi aja ndi akuthwa ngati lumo, inamung'amba kuyambira m'nthiti mpaka pa ntchafu. Koma sanasiye msanga, anaichedwetsa mpaka ine ndinatuluka m'matope n'kukwera pa mulu wa manyowa. Nguluwe inalowa m'bango ikukoka matumbo. Tinakaipeza masana ndi anthu a m'mudzi itafa yokha, itavutika maola onsewo chifukwa cha ine. Chitedze ndinamunyamula m'jekete, magazi akudontha m'zigongono, akundinyambita dzanja lomwe ndinasupula lija. Sitinafike naye kunyumba. Mwana wanga wamkazi sanandilankhule masiku awiri.

Bolt inadzatseguka nditamasula sikuluwu ija. Pa dzino la m'munsi panali mkwasa wowala pomwe nsonga inkadya. Nditachotsa mtengo ndinapezanso mng'alu kumbuyo, pamene chitsulo chimathera pafupi ndi pogwira dzanja, chifukwa sikuluwu ya kumbuyo inkakhudza m'mbali mwa bowo ndiye mphamvu yonse ya kuombera inkathera pamenepo ngati mphero yowazira nkhuni. Ndinapita nazo kwa munthu uja. Mukudziwa anati chiyani? Akuti madala mwamangitsa kwambiri ndinu, ine ndinakupatsani ili bwino. Osapepesa ngakhale za galu. Akuti galu mupeza wina, agalu ndi ambiri. Ndinachoka ndisanachite zoti ndikagone m'chitokosi. Ndipo ndikumva kuti mpaka pano anthu akumupatsabe mfuti zawo, ena mwa inu muli m'gulu lomwe lino. Munthu wowotcherera mageti ndi mawindo asiyeni aziwotcherera mageti, mfuti si njinga yoti ikakana mutsika n'kukankha.

Ndiye kunena zoona ine ndikuti zisiyeni. Ngati mfuti yanu ikuika zipolopolo zitatu pamodzi pa mamita 100, palibe chitsulo chogula chimene chidzawonjezere nyama pa mbale. Chitsulo cha pansi chija makamaka, chokhala ndi magazini yochotsa, ndi ndalama yotaya. Chimafuna kusema mtengo kuti chikhale, chikakwera kapena kutsika pang'ono zipolopolo zimayamba kukana kulowa, ndipo magaziniyo tsiku lina mudzaigwetsa m'udzu mumdima. Cha fakitale chakhala zaka zonsezi osakukhumudwitsani, chalakwa chiyani? Ndalama imeneyo gulani zipolopolo muziyeserera, mukudziwa nokha mmene zikuvutira kupeza.

Koma ma pillar okha ndiye ikani, pamenepo sindingakunamizeni. Kuno kwathu kwa nkhungu ndi chinyezi mtengo sukhazikika, ndipo yanga itakonzedwa ndi munthu wodziwa, wokhala ndi chilolezo chokonza mfuti, yasintha kwambiri. Anamata mng'alu uja, anaika timapaipi toyeza bwino tofika chitsulo ndi chitsulo, anatimata ndi epoxy, anathiranso ina pamene pamatsamira chitsulo cholandira mphamvu ya kuombera, n'kukulitsa m'kati mwa timapaipi kuti sikuluwu isakhudze m'mbali. Masikuluwu anachita kusula ena olingana ndi mazinga amene anaonongedwa aja, chifukwa akale sakanagwiranso. Papita mvula ziwiri sindinakhudze sikopu. Labala ya kuthako nayonso ndi yabwino, .30-06 imamenya phewa ndipo ukamaopa kumenyedwa umatsinzina pokhethemula. Koma yonenepa imatalikitsa mfuti, mu Juni mutavala chijasi mudzaona diso silikufika bwino pa sikopu, ndiye mtengo umafunika kudulako pang'ono. Tizitsulo ta lamba gulani tolimba, takale tikazuka mfuti imagwa chamutu pa mwala.

Musanagule chilichonse yambani mwayesa zaulere. Tengani K1000 ya pepala, ilowetseni pakati pa mpope wa mfuti ndi mtengo muikoke mpaka kumbuyo, muone pamene ikukakamira. Onani ngati masikuluwu ali olimba, koma osachita kukwerapo ndi thupi lonse. Omberani katatu pa katoni mu Febuluwale, sungani katoniyo, mudzaomberenso mu Okutobala, mufananize. Mwina mupeza kuti vuto mulibe n'komwe. Mukagula, werengani pa paketi dzina la mfuti yanu lenileni ndi nambala yake, ndipo sikuluwu yatsopano muiimike pambali pa yakale muone kutalika. Ikakana kulowa ndi zala zokha, musalole munthu aliyense kuikakamiza. Ndipo nthawi iliyonse mwamangitsa sikuluwu, chotsani zipolopolo zonse, tsegulani ndi kutseka bolt kangapo muli panyumba, kenako kaombereni pa katoni musanapite kumunda. Bolt ikalimba mosiyana ndi masiku onse, bwererani, nguluwe idye kachewereyo.

Simunatiuze kuti yanu ndi ya mtundu wanji, tatiuzani. Ngati mumadutsa pa Lizulu ndilembereni ku inbox tikumane, sikuluwu ija ndimayenda nayo m'thumba la jekete, mudzaione nsonga yake mmene inadyekera.