Kachizindikiro kobiriwira kanatiwoletsera kachewere

Achimwene, mwagunda pa chilonda pofunsa ngati pulogalamu ya maakaunti imene imatitumizira maimelo iyenera kumasamala yokha zotsimikizira kuti imeloyo ndi yathudi. Ine ndikuti inde, pulogalamuyo izisamala yokha za SPF (mndandanda wa maseva ololedwa kutumiza makalata m'dzina lathu) ndi DKIM (siginecha ya pakompyuta yotsimikizira kuti kalata yachokeradi kwa ife), osati kumangotumiza makalata m'dzina lathu kenako n'kukhala phee ngati sikudziwa kanthu.

Chaka chatha ife a kagulu ka alimi kuno ku Ulónguè tinkatumiza mitengo ndi mafatura kudzera pa pulogalamu ina ya maakaunti, adilesi ikuoneka ya domeni yathu (dzina lathu la pa intaneti) ya .co.mz. Wogula wina wa ku Moatize anafuna kachewere wambiri, anati mtengo ufike pasanafike Lachisanu. Ine ndinatumiza Lachitatu m'mawa, pulogalamu n'kuonetsa kachizindikiro kobiriwira kosonyeza kuti kalata yapita. Anzathu a ku Tsangano anali atakumba kale, matumba atasanjika pakhonde mpaka kudenga. Lolemba ndikuimba foni, mkuluyo akuti sanaone kalikonse, mu spam momwe mulibe, oda apereka kale kwa ena. Pomwepo agogo ena amene anabweretsa matumba awo pa ngolo ali chiimire pambali panga, akundiyang'ana pakamwa. Ndinasowa chonena. Pofika Lachinayi matumba apansi anali atayamba kudontha madzi ndi fungo lija mukulidziwa.

Kalata yobwezedwa ndinakaipeza m'bokosi lina limene palibe amatsegula: 550 5.7.26, kutanthauza kuti seva ya wogulayo sinatsimikize kuti kalatayo ndi yathudi. Vuto? Mnyamata amene tinamulipira ma metikali athu kuti atikonzere domeni anaika DMARC (lamulo louza seva yolandira chochita ndi kalata yolephera SPF ndi DKIM) pa p=reject, kutanthauza kuti kalata yosatsimikizika ikanidwe basi. Ndiye n'kuwonjezera mzere wachiwiri wa SPF, pomwe domeni imayenera kukhala ndi umodzi wokha. Iwiri ija inasokoneza zonse. DKIM ya pulogalamuyo sanaiike n'komwe. Ndimufunse, akuti "bwana, imeneyo ndi netiweki." Netiweki! Mpaka lero foni yanga sayankha.

Komatu musadikire pulogalamu, chifukwa siingalowe mu DNS yanu (malo okonzera domeni kumene mizere imeneyi imalembedwa), kiyi ali ndi inu. Tsegulani nokha. Mzere wa SPF ukhale umodzi, seva ya pulogalamuyo ilowe momwemo, ndipo musadutse ma lookup 10 (maulendo amene seva yolandira imafufuza mu DNS powerenga mzerewo). Kiyi ya DKIM imene akupatseni muiike bwino. DMARC yambani ndi p=none (kungoyang'anira, osalamula kuti kalata ikanidwe), muone malipoti kaye. Kuyambira February 2024, Gmail ndi Yahoo safuna kalata yopanda SPF kapena DKIM, ndipo otumiza makalata oposa 5,000 pa tsiku ku maadilesi a Gmail amafunikanso DMARC. Dzitumizireni kalata pa Gmail yanu, mutsegule Show original, muone PASS katatu: pa SPF, DKIM ndi DMARC.

Ine masiku ano ndikatumiza fatura ndimaimbanso foni, chithunzi chake n'kuponya pa WhatsApp.