Mwana anakhoza Chingerezi pa MSCE, nanga foni ya abwana inamusokoneza bwanji?

Mayi wina wa ku Zomba wandilembera kudandaula za mwana wake wamkazi, yemwe anakhoza mayeso a MSCE ndipo pa Chingerezi anapeza mapointi 4. Mtsikanayu anaitanidwa ku mafunso a ntchito yolandira alendo pa kampani ina ya mumzinda wa Blantyre, koma kutatsala tsiku limodzi analandira foni yomuuza kuti, "The interview has been put off, we shall get back to you." Iye anamva ngati mwayi wathera pomwepo, ndipo anakwera minibasi kupita kumudzi kwa agogo ake kumene netiweki imavuta, moti pamene a kampaniyo ankamuimbiranso patapita masiku atatu, foni yake sinkapezeka. Mayiyu akufuna kudziwa kuti vuto linagona pati, komanso chimene angachite kuti mng'ono wake wa mtsikanayu, yemwe ali Fomu 3, asadzagwe m'mbuna yomweyo.

Mayi, pepani kwambiri, ndipo musamudzudzule mwanayo, chifukwa mapointi 4 ndi kirediti yabwino ndipo anaipeza ndi thukuta lake. Chimene chinamupunthwitsa ndi mtundu wina wa aneni a Chingerezi otchedwa phrasal verbs, amene amapangidwa pophatikiza mneni wamba ndi kamawu kakang'ono monga up, off, out, in kapena on, ndipo awiriwo akakumana amabereka tanthauzo limene simungalipeze powamasulira payekhapayekha. Mawu akuti "put off" amatanthauza kusunthira chinthu ku tsiku lina, pamene kuchithetseratu ndi "call off". Ndikukhulupirira kuti mwana wanu anasokonezeka chifukwa kuno kwathu tinazolowera kunena kuti "put off the light" pofuna kuti munthu azimitse magetsi, choncho iye anamva ngati mafunsowo azimitsidwa. Eni chilankhulocho amati "switch off" kapena "turn off" pozimitsa magetsi, ndi "put out" pozimitsa moto. Nawo mawu akuti "get back to you" sanali omutsanzika ayi. Anali lonjezo lakuti amuimbiranso.

Ana athu ambiri amawaopa aneniwa ngati chinthu chachilendo, chonsecho m'Chichewa timachita zomwezo tsiku ndi tsiku osazindikira. Taganizirani mneni wakuti "gwira". Munthu amagwira ntchito, amagwira mtima wa mnzake, amagwira njakata, ndipo tikausintha pang'ono timapeza kugwiritsa, kugwirizana ndi kugwiririra, mawu amene matanthauzo awo ndi otalikirana kwambiri, ena mwa iwo oopsa kuwasokoneza. Mlendo wophunzira Chichewa atamva kuti wina wagwa mphwayi, akhoza kuyang'ana pansi kuti aone pamene wagwera. Ntchito imene timaigwira ndi misintho ya aneni, monga potembenuza kutseka kukhala kutsekula kapena kumata kukhala kumatula, Chingerezi chimaigwira ndi timawu tating'onoting'ono tija. Mwana amene akudziwa kuti kudya ndalama si kutafuna mapepala ali kale ndi nzeru zokwanira kumvetsa kuti "look after" ndi kusamalira, "look for" ndi kufunafuna, ndipo "look into" ndi kufufuza nkhani. Chimene amasowa ndi munthu womuuza kuti aneniwa aziwatenga athunthu ngati mawu amodzi, monga mmene anaphunzirira "kutaya mtima" ali wamng'ono.

Chifukwa chimene mwana wokhoza bwino angafikire pomaliza Fomu 4 asakuwadziwa n'chosavuta kuchiona. Chingerezi cha m'kalasi chimatsamira pa kuwerenga ndi kulemba, ndipo m'mabuku mumachuluka mawu aatali monga postpone, cancel, reject ndi investigate. Koma bwana akamalankhula pa foni kapena akamatuma wantchito mu ofesi, amagwiritsa ntchito put off, call off, turn down ndi look into. Mwana wanu akanauzidwa kuti "postponed", sindikukayika kuti akanakhala pafupi ndi foni yake kudikira.

Pa nkhani yofuna ntchito pali aneni ochepa amene ndimafuna wachinyamata aliyense awadziwe asanatuluke pa chipata cha sukulu. Akapatsidwa fomu adzauzidwa kuti "fill in" kapena "fill out", ndipo ngakhale in ndi out ali otsutsana, apa onse akutanthauza kulemba zofunika pa fomuyo. Akamaliza, kuipereka ndi "hand in". Kufika pamalo ndi "turn up", pamene kukana munthu kapena pempho lake ndi "turn down", ndipo munthu wosasamala akhoza kuganiza kuti awiriwa ndi otsutsana chabe ngati kukweza ndi kutsitsa wailesi, zimenenso ndi zoona pa nkhani ya wailesiyo. Kampani ikamalemba anthu ntchito imati "take on", ikamachotsa ena chifukwa ndalama zavuta imati "lay off", ndipo izi n'zosiyana ndi kuchotsedwa chifukwa cholakwa, kusiyana kumene kuli kofunika munthu akamadzafotokoza mbiri yake kwa olemba ntchito ena. Pa ntchito yolandira alendo imene mwana wanu ankafuna, foni ikalira ayenera kudziwa "pick up", "hold on" pouza munthu kuti adikire, "put through" polumikiza woimbayo ndi bwana, ndi "hang up" podula foni. Ambiri timati "he is not picking the phone", kusiya up, ndipo wofunsa mafunso watcheru amazimva zimenezi.

Pali zolakwika ziwiri zimene ndimazipeza kawirikawiri m'makalata ofunsira ntchito, ndipo zimandiwawa chifukwa olembawo amakhala atayesetsa kwambiri. Choyamba ndi "cope up with", pamene zoyenera ndi "cope with", popanda up. Chachiwiri chili pa chiganizo chotsekera kalata, pamene ambiri amalemba kuti "I look forward to hear from you", koma zoyenera ndi "I look forward to hearing from you". Pali lamulo linanso laling'ono lofunika kulisunga: tikhoza kunena "fill in the form" kapena "fill the form in", koma tikaika it m'malo mwa fomuyo, it-yo imalowa pakati, "fill it in". Aneni ena, monga "look after", salola kulekanitsidwa konse, ndipo mtanthauziramawu wabwino wa ophunzira amasonyeza zimenezi pa mneni aliyense.

Kwa ana amene akulakalaka unamwino, nkhaniyi imafika pokhudza moyo wa munthu. Kuchipatala "pass out" ndi kukomoka, "pass away" ndi kumwalira, "come round" ndi kutsitsimuka, "throw up" ndi kusanza, ndipo "run out of" ndi kutherapo chinthu, monga mankhwala. Namwino wosokoneza mawu awiri oyambawo akhoza kuliritsa banja lonse wodwala ali moyo. Mawu omwewo akuti "pass out" mudzawamvanso pa mwambo wa apolisi atsopano omaliza maphunziro awo ku Kanjedza, ku Limbe, ndipo kumeneko palibe wakomoka, n'chifukwa chake mneni wotere amafunika kumuphunzira pamodzi ndi malo ake. Amene adzafune kukagwira ntchito ku Britain adziwe kuti bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba kumeneko, la Nursing and Midwifery Council, limafuna, pa mayeso a Chingerezi otchedwa IELTS, 7 pa kumvetsera, kuwerenga ndi kulankhula, ndi 6.5 pa kulemba, ndipo pa gawo lomvetsera anthu amalankhula Chingerezi cha tsiku ndi tsiku chodzaza ndi aneni amenewa.

Tsopano za mng'ono wakeyo. Musamugulire timapepala ta mindandanda ya aneni mahandiredi kuti aloweze pamtima, chifukwa mwana akaloweza get on, get off, get over, get by ndi get through tsiku limodzi, mawa lake zonse zimasakanikirana m'mutu. Mugulireni kope limodzi laling'ono, ndipo tsamba lililonse likhale la malo amodzi: la pa foni, la ku depoti, la kuchipatala, la m'kalasi, la ku ofesi. Pa sabata atole aneni asanu okha, ndipo aliyense amulembe m'chiganizo chathunthu chonena za moyo wake weniweni, monga "We ran out of charcoal on Tuesday" kapena "My uncle dropped me off at the stage", kenako tanthauzo lake m'Chichewa pambali. Kowatola kulipo kale: mitu ya nkhani m'nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times imakonda mawu aafupi monga "step down" ndi "call off", ndipo nkhani za m'Chingerezi pa MBC ndi pa Zodiak zimamupatsa mwayi wowamva akutchulidwa.

Inu mayi muli ndi gawo lanu ngakhale Chingerezi chitakhala chokuvutani. Madzulo mukamaphika, mufunseni kuti akuwerengereni ziganizo zisanu za sabatayo ndi kukumasulirani m'Chichewa, ndipo akazengereza pomasulira, dziwani kuti sanamvetse, abwerere kwa aphunzitsi ake mawa. Mkulu wakeyo akhale naye pa ntchitoyi, aziyeserera kuimbirana foni, wina bwana wina wofuna ntchito.

Mwana wanu wamkuluyo asagwe ulesi ndi kampani ija. Aimbe foni mkati mwa sabata ino, apepese mwaulemu kuti anali kumalo kovuta netiweki, ndipo anene kuti, "I am following up on my application." Mwina malowo anapatsidwa kale kwa wina, koma makampani ambiri amasunga makalata a anthu amene anawasankhapo. Ndipo ulendo wina akadzamva mawu osawamvetsa pa foni, asachite manyazi kufunsa kuti, "Do you mean it has been postponed or cancelled?"