Funsani Azakhali: Wandikwiyira chifukwa ndinati "ndikuuza mawa"

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 29, ndimakonza njinga zamoto ku Limbe. Kwa miyezi 8 tsopano ndili pa chibwenzi ndi mtsikana wina, telala, amene samva. Anasiya kumva ali ndi zaka 4 atadwala matenda oumitsa khosi. Timacheza kwambiri pa WhatsApp, ndipo tikakumana timalemberana pafoni, kapena ndimalankhula pang'onopang'ono iye akundiyang'ana pakamwa. Mwezi watha ndinapita naye kwathu ku Chiradzulu kukamuonetsa. Madzulo tikudya, amalume anakamba nkhani ina, tonse n'kufa nalo phwete. Iye anandikodola kuti ndimuuze, ine ndinangoti ndimuuza mawa. Chibwerereni mauthenga ake ndi "ok" basi. Nawonso amayi akuti ndisamukwatire chifukwa tidzabereka ana osamva, ndipo akufunsa kuti mwana akamadzalira usiku adzadziwa bwanji. Ndimamukonda. Ndalakwa chiyani, nanga amayi ndiwayankhe chiyani?

M.K., Limbe

Mwana wanga M.K.,

Ndiyambe ndi kukufunsa: mawa lakelo litafika, unamuuza nkhani ya amalumeyo? Ndikudziwa kuti sunamuuze. Palibe amene amauza.

Ndikulankhula chonchi chifukwa ineyo ndinachitapo zomwezo kwa zaka zambiri. Mwana wa mng'ono wanga anasiya kumva ali ndi zaka 3 atadwala malungo aakulu. Tinamulera ndi chikondi chonse, sanagonepo ndi njala, yunifolomu sinamusowe. Kenako tinakamusiya kusukulu ya ana osamva ku Mua, m'boma la Dedza. Patchuthi choyamba anabwera manja ali piringupiringu, ndipo tsiku lobwerera kusukulu anadzuka yekha mbandakucha, chikwama chili kale pakhomo. Ana ena amalira pochoka kwawo, iye ankathamangira. Zinandiwawa. Atakula anandiuza chifukwa chake: kusukulu anzake akaseka ankadziwa chimene akusekera, pomwe kwathu ankangoona mano. Anati m'moyo wake wonse mawu amene anatopa nawo ndi awa: "ndikuuza bwino", "si nkhani yofunika", "zisiye". Ndipo amene ankawanena kwambiri ndinali ine.

Tsono taganiza usiku wa ku Chiradzulu uja. Mtsikana ali pakati pa anthu achilendo, apongozi ake a mtsogolo akumuyang'anitsitsa, kuwala n'kwa nyali kapena tochi ya pafoni, aliyense akulankhula mbamu ili m'kamwa. Mwadzidzidzi nonse mukuseka. Iye angadziwe bwanji kuti simukuseka iyeyo? Panali munthu mmodzi yekha amene akanamutsimikizira, ndipo munthuyo anamuuza kuti adikire mawa. Wakwiya chifukwa waona chithunzi cha banja lake la mtsogolo: maliro, zinkhoswe, Khirisimasi, iye ali phee pakona, mwamuna wake akuseka ndi abale ake.

Pali chinthu china m'kalata yako chimene chandidetsa nkhawa kuposa nkhani ya amalume. Miyezi 8 yatha, koma sunatchule n'komwe chinenero chamanja. Iye ndiye amawerenga milomo yako, iye ndiye amalemba, iye ndiye amavutika kuti akufikire. Iwe wasuntha phazi limodzi? Kuwerenga milomo si kumva ayi, mbali yaikulu ndi kungoganizira. Kaime pagalasi unene kuti "bala", "pala", "phala", osatulutsa mawu. Uona kuti milomo ikuchita chimodzimodzi. Nanga mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga pamsika? Ife timasiyanitsa ndi kakwezedwe ka mawu, chinthu chimene maso sangachione. Ukamalankhula naye ola lathunthu, iye amakhala akugwira ganyu yolemetsa, ndipo pofika madzulo mutu umakhala ukuwawa.

Walira mvula walira matope. Ngati ukumufunadi, phunzira chinenero chake. Si kuloza-loza kapena kuchita masewero monga ambiri amaganizira. Chili ndi malamulo ake, kasanjidwe kake ka mawu, nthabwala zake, ngakhale miseche. Nkhope nayo imalankhula: nsidze zikakwera kapena kutsika, chiganizo chimasanduka funso. Ndipo si chimodzi dziko lonse lapansi. Cha kuno kwathu n'chosiyana ndi cha ku Britain kapena ku America, choncho usamangotola zizindikiro pa YouTube n'kumayesa wamaliza. Bungwe la anthu osamva la MANAD linatulutsa dikishonale ya chinenero chamanja cha ku Malawi, ndipo ndi malo oyenera kufunsako za maphunziro. Mphunzitsi wako wamkulu akhala iye mwini, koma usamusandutse sukulu yaulere tsiku lililonse. Mupemphe akutengere kwa anzake, makamaka amene anaphunzira nawo, kaya ndi kusukulu ya ana osamva ya Mary View ku Nguludi, pafupi ndi kwanu komweko, kapena ya Mountain View ku Thyolo. Ukakhale pakati pawo masana onse. Adzaseka iwe osatolapo kanthu, ndipo ukadzakodola bwenzi lako kuti akuuze, udzamvetsa zonse zimene ndalemba pamwambapa popanda wokufotokozera. Akakuzolowera adzakupatsa dzina lamanja. Dzinalo sumadzisankhira wekha, ndipo nthawi zambiri amatengera chinachake cha pathupi pako kapena khalidwe lako. Langa ndi chala chokhudza mpata wa mano anga akutsogolo. Poyamba ndinanyinyirika, pano ndimalinyadira.

Zing'onozing'ono udzaziphunzira msanga: kumukhudza paphewa m'malo momukoka, kuthimitsa ndi kuyatsa getsi pomuitana, kusamugenda ndi kamwala ngati nkhuku, kusatembenuka nkhani ili m'kati. Magetsi akazima, kandulo ikhale pounikira nkhope ndi manja ako. Mukadzakangana, usadzatseke maso kapena kumufulatira, chifukwa kumeneko n'chimodzimodzi kumutseka pakamwa.

Tsopano amayi. Usawakalipire, mantha awo ndi a kholo lililonse, koma uwauze zoona. Kusamva kobwera ndi matenda oumitsa khosi sikuyenda m'magazi. Kuli ngati munthu amene anaduka mwendo pangozi ya minibasi, ana ake sabadwa ndi mwendo umodzi. Kulipo kusamva kwa kumtundu, inde, koma mwa ana 10 alionse osamva, pafupifupi 9 amabadwa kwa makolo akumva bwinobwino. Ndiye kuti ngakhale utakwatira mtsikana woimba kwaya, palibe amene angawalonjeze amayi chilichonse. Za kulira kwa mwana usiku, ndimaseka. Kodi ndi mayi uti kwathu kuno amene amagoneka khanda chipinda china? Mwana amagona pambali pa mayi ake, akangotakataka thupi limadziwa. Mwana wa mng'ono wanga uja walera awiri, onse akumva, onse olongolola pakamwa ndi pamanja pomwe. Komanso iwe udzakhala uli kuti usikuwo? Makutu uli nawo, udzadzuke.

Uwapemphenso, mwaulemu, kuti mawu ngati "gonthi" kapena "bubu" asamveke pakhomopo. Iye sadzawamva, koma ana anu adzawamva.

Chimene amayi sanafunse, chomwe ine ndikadafunsa, ndi cha ankhoswe. Banja lathu la Chimalawi limayenda ndi pakamwa: kufunsira, chinkhoswe, malangizo a anamkungwi, milandu ya m'nyumba. Tsiku limene mudzayambane n'kuitana ankhoswe, ndani adzamasulire mawu a mkazi wako? Ngati ndi iwe, ndiye kuti woimbidwa mlandu ndi yemwenso akumasulira wodandaula. Ngakhale utakhala woona mtima chotani, udzafewetsa pamene pakukupweteka. Ndinaonapo mkazi wosamva akugwedezera mutu pabwalo, anthu n'kumati wavomera, chonsecho sanatolepo kanthu. Choncho musanapange tsiku la chinkhoswe, kumbali yake kukhale munthu wodziwa chinenero chamanja amene iye mwini wamusankha ndipo amamukhulupirira. Chimodzimodzi pokayezetsa magazi musanalowe m'banja, ndi kusikelo mtsogolo muno. Adokotala akamafunsa iwe kuti "akumva bwanji m'thupi?", uwalozere kwa mwini thupi. Ndi telala, amadziwa kutsatsa malonda ndi kulonjerera ngongole zake iwe usanabwere. Makasitomala ake usayambe kuwayankhira.

Kupepesa kwake usakuchite pa WhatsApp. Pita kushopu kwake masana kukuwala, nthawi imene makina aima. Upeze munthu akuphunzitse kupepesa ndi manja, ngakhale manjawo atachita chibwibwi, akakuseka ndiye bwino. Ukatero umufotokozere nkhani ya amalume ija yonse, kuyambira pachiyambi mpaka pamene anthu anasekera, ngakhale itakhala kuti yazizira. Ndipo ulendo wina wa ku Chiradzulu, mudye kunja kusanade, ukhale moyang'anana naye, ndipo amalume akayamba nkhani uwaimitse pakati kuti umasulire. Adzadandaula kuti ukuwadula, koma apirire.

Undilemberenso ukadzapatsidwa dzina, ndikufuna kudziwa chimene anzake adzaone pa iwe.

Azakhali